Kodi msonkho wa pa malire umakhudza bwanji ndege? Ndikuyankha funso la mayi wina

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga kuno, ndifupikitsa funso lawolo: "Ndikumamva kuti America ikukweza misonkho pa katundu wochokera kunja, mayiko enanso akubwezera. Ndiye ndege zikulowamo bwanji mu nkhaniyi, Boeing si ya ku America komweko? Nanga matikiti akwera?"

Mayi, zikomo, funso lanu ndi labwino ndipo pomwe pali nkhani ndi pa mawu akuti "ya ku America" aja. Kunena zoona ndege yayikulu ilibe kwawo kumodzi. Tengani Boeing 787. Mapiko ake amapangidwa ku Nagoya ku Japan ndi kampani ya Mitsubishi Heavy Industries, zigawo zina za thunthu lake zimachokera ku Italy kwa a Leonardo, kenako zonsezo amazinyamula mu chindege chamimba yayikulu chotchedwa Dreamlifter kupita nazo ku North Charleston ku America komwe amakazilumikiza. Ngakhale injini ya LEAP yomwe imayendetsa 737 MAX ya Boeing komanso A320neo ya Airbus, kampani yopanga ndege ya ku Ulaya, opanga ake ndi CFM, kampani yomwe GE ya ku America ndi Safran ya ku France anagawana pakati. Ndiye boma likati tiyeni tiike msonkho pa katundu wakunja kuti titeteze mafakitale athu, woyamba kulira ndi fakitale yawo yomweyo, chifukwa mapiko aja akafika pa malire nawonso ndi katundu wakunja basi. Airbus nayonso ili ndi fakitale ku Mobile, Alabama, antchito ake ndi a ku America, koma zigawo zikuluzikulu zimabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Ulaya. Ndiye mundiuze, imeneyo ndi ndege ya ndani?

Akuluakulu akale anaziona izi. Mu 1979 mayiko angapo anasainirana pangano loti ndege zonyamula anthu, ma injini ndi zipangizo zake zizidutsa malire opanda msonkho, linayamba kugwira ntchito mu 1980. Bizinesi yonseyi inamangidwa pa pangano limeneli, nchifukwa chake msonkho ukabwera zinthu zimasokonekera msanga.

Koma mkangano sunasowe ayi. Kuyambira 2004 America ndi European Union akhala akusumirana ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, aliyense akuti mnzakeyo akupatsa kampani yake ndalama za boma mosayenera. Mu Okutobala 2019 WTO inalola America kuika msonkho pa katundu wa ku Ulaya wa madola 7.5 biliyoni, ndege za Airbus anaziika 10 peresenti kenako 15. Chaka chotsatira a ku Ulaya nawo analoledwa pa katundu wa pafupifupi madola 4 biliyoni, nkubwezera 15 peresenti pa Boeing. Chondiseketsa nchakuti ovutika ena anali ogulitsa tchizi ndi vinyo, anthu oti sadziwa nkomwe kuti phiko la ndege limamangidwa bwanji. Mu Juni 2021 anagwirizana zoimitsa kaye kwa zaka 5.

Nkhani yomwe ine imandisangalatsa ndi ya Bombardier ya ku Canada. Delta, kampani yoyendetsa ndege ya ku America, inaoda ndege zawo 75 za CSeries, a Boeing nkukadandaula kuti akugulitsa motchipa dala, boma la America nkukonza msonkho wa pafupifupi 300 peresenti, eeh, ndege imodzi pa mtengo wa zinayi. Zisanathe, Airbus inalowerera nkutenga gawo lalikulu la umwini wa ndegeyo, nkunena kuti izipangidwanso ku Mobile. Mu Januwale 2018 bungwe la US International Trade Commission linakana msonkhowo, koma madzi anali atatayika kale. Lero ndege ija ndi A220, ya mdani wamkulu wa Boeing. Anafuna kuthamangitsa mwana, anaitana bambo ake.

Tsopano makampani oyendetsa ndege. Msonkho salipira ndi wopanga, amalipira ndi amene akulowetsa katunduyo mdziko, nthawi zambiri ndiye kuti kampani yomwe yagula. Tingoyerekeza ndege ya madola 50 miliyoni, 10 peresenti ndi 5 miliyoni yongowonjezera, pa bizinesi yomwe phindu lake ndi lochepa kale. Ndiye amazemba. Mu 2025 bwana wa Delta, Ed Bastian, ananena poyera kuti iwo salipira msonkho pa ndege zomwe akulandira, ndipo kampaniyi inagwiritsapo njira yoti ndege yatsopano ya Airbus iyambe yatera dziko lina, monga Japan, nkumaigwiritsa ntchito pa maulendo akunja. Mu Epulo chaka chomwecho China itaika 125 peresenti pa katundu wa ku America, ndege za 737 MAX zomwe zinali zitafika kale ku Zhoushan ku China, zitapakidwa kale penti ya kampani ya ku China, zinabwerera ku Seattle osanyamulapo munthu. Taganizirani mafuta onsewo. Mayiko awiriwa atatsitsirana misonkho ndege zinayambanso kupita, ndipo mu Julayi America ndi European Union anagwirizana kuti ndege ndi zipangizo zake zisakhale ndi msonkho.

Za tikiti ija, mayi, musayembekeze kuti msonkho alengeza lero mawa mtengo wakwera. Tikiti imatsatira kwambiri mafuta, mpikisano, ndi kuchuluka kwa anthu ofuna kuyenda. Msonkho umalowa chakumbuyo, pang'onopang'ono. Kampani ikachedwetsa kulandira ndege zatsopano imapitiriza ndi zakale zomwe zimamwa mafuta ambiri komanso zimakhalitsa kokonzetsa, masipeyala nawo akadutsa malire kawiri katatu akwera, aluminiyamu yemwe America inamuika 50 peresenti mu Juni 2025 nayenso ndi wofunika popanga ndege. Ndipo simunganene kuti basi ndikagula kwina, opanga ndege zazikulu alipo awiri okha, ndipo ndandanda wa oda ndi wa ndege masauzande, wooda lero amadikira zaka zingapo. COMAC ya ku China ilipo ndi C919 yake, koma injini yake ndi LEAP yomwe ija ya CFM.

Chomwe mungachione msanga si mtengo, ndi ulendo womwe unali tsiku lililonse ukusanduka kanayi pa sabata, kapena njira yatsopano yomwe analonjeza ikungosunthidwa chifukwa ndege yake sinafike.