Hydrangea wa buluu wasanduka wa pinki, kodi anandipusitsa?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo akudandaula. Akuti anakatenga nthambi ya hydrangea kwa achemwali awo ku Thyolo, maluwa ake a buluu weniweni, koma atabzala m'mbali mwa khonde atuluka a pinki, ndiye masana masamba amangoti lefu ngati nkhwani zofutsa. Akufunsa ngati anawapatsa mtundu wina.

Amayi, achemwali anuwo musawakwiyire ayi, mtengo ndi womwewo, chasintha ndi dothi. Duwa limeneli kwawo ndi ku Japan ndipo mtundu wa maluwa ake, buluu kapena pinki, limatengera pomwe laima. Dothi likakhala la asidi, pH yake (muyezo wa asidi m'dothi, ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) 5.5 kutsika m'munsi, mizu imatha kuyamwa aluminium, mchere wina wa m'dothi, ndiye maluwa amabwera a buluu, koma pH ikakwera kufika cha m'ma 6.5 aluminium uja samayamwikanso, basi pinki. Ku Thyolo ndi ku Mulanje dothi lake ndi la asidi, nchifukwa chake tiyi amakondwa kumeneko. Tsono inu mwakabzala pafupi ndi khonde, simenti ili ndi layimu, mvula ikagwa amasungunukira m'dothi momwemo n'kuchepetsa asidi, ndipo ngati mumathirako phulusa la pa mbaula poganiza kuti mukudyetsa duwa ndiye mwaonjezera pinkiyo nokha.

Ngati mtima uli pa buluu basi, ine ndingati lichotseni pamenepo, muliike mu chidebe chachikulu choboola pansi, dothi mukatape pansi pa mitengo ya paini musakanize ndi kompositi, kuthirira kwake madzi a mvula ngati mungasunge chifukwa a pa mjigo nthawi zina amakhala ndi layimu. Kuli mankhwala otchedwa aluminium sulphate, amathandiza, koma tsatirani muyezo wolembedwa pa paketi, mukachulutsa mizu imapsa. Ndipo si za sabata imodzi izi, mudikire maluwa a chaka chamawa, mwina ayamba atuluka kaye a pepo. Ma hydrangea a maluwa oyera musavutike nawo, sasintha olo mutani. Kunena zoona ine pinki sindimuona vuto, wanga wa kuseli kwa khitchini ndinangomusiya choncho.

Zofotazo nzosadabwitsa, masamba ake ndi aakulu, amataya madzi msanga makamaka Okutobala. Limafuna dzuwa la m'mawa lokha, masana mthunzi. Mukaliona lafota masana musathamangire ndowa, pisani chala m'dothi kaye, ngati muli chinyontho lidzuka lokha madzulo. Thirirani m'mawa patsinde, muphimbire ndi masamba ouma.

Chinanso, podulira chenjerani, mtundu umenewu maluwa amatuluka pa nthambi za chaka chatha, ndiye dulirani akangotha kuchita maluwa, mukalimeta mpala mu Ogasiti Khirisimasi idutsa muli ndi masamba okhaokha. Ku South Africa amalitcha Christmas rose poti ndi nthawi yake imeneyo. Mbuzi ndi agalu asamadye masambawo, ali ndi poizoni.