Mayi asiya mankhwala a BP ati achira, nditani?

Mchemwali wina wa ku Chitakale ku Mulanje wandilembera imelo. Akuti mayi ake, omwe amathyola tiyi ku esiteti, anawapeza ndi BP chaka chatha. Anamwa mankhwala mwandondomeko, ndipo atakayezetsanso anawauza kuti yatsika. Kuyambira pamenepo mapilitsi angokhala pawindo. Akuti achira, komanso atopa ndi kutaya madzi pafupipafupi. Iye akufunsa ngati n'koyenera kuwaumiriza kuti ayambirenso.

Achemwali, mayi sanachire ayi. BP inatsika chifukwa cha mapilitsi omwewo, ndipo akasiya imakweranso mwakachetechete. Nthenda imeneyi kawirikawiri siipweteka paliponse. Munthu amadzuka bwino, kusenza dengu kupita kumunda, pamene mkatimo mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka. Ena amadzadziwa atagwa ndi sitiroko.

Koma musawakalipire, chonde. Sali okha. Lipoti la 2003 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu odwala matenda a mgonagona, pafupifupi theka lokha ndi amene amamwa mankhwala monga anauzidwira. Kuno kwathu kafukufuku wa 2009 anasonyeza kuti wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Dandaulo la mayilo ndi loona, ndipo ine ndikulimva. Kapilitsi kamene ambiri amayambira, ka HCT, kamachotsa madzi ndi mchere m'thupi. Ndiye taganizani, munthu ali pakati pa mizere ya tiyi, akuthamangira makilo, chimbudzi chili kutali, akapitawo ali chapafupi. Ndani sangagwe ulesi? Mankhwala ena nawonso ali ndi zawo: amlodipine amatha kutupitsa mapazi, enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha. Zonsezi adokotala amazidziwa, ndipo angathe kusintha mtundu kapena mlingo wake. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu athu amaona ngati ndi mwano kudandaula kwa dokotala, choncho amangosiya mwakachetechete osauza aliyense.

Aperekezeni sabata ino kuchipatala cha Mulanje Boma kapena cha Mulanje Mission, mutanyamula buku lawo la kuchipatala ndi timapepala ta mankhwala otsalawo. Akanene zoona kuti anasiya liti komanso chifukwa chake. Asangoyambiranso okha asanayezedwe. Ku Mulanje ndi Thyolo kuno taona abale athu akumwa ma ARV tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ali ndi thanzi, akulima. Mankhwala a BP amafunanso khama lomwelo. Pilitsi aziliika pafupi ndi kapu yawo ya tiyi wam'mawa, ndipo inu muzikumbukira tsiku lokatenga ena asanathe, ndalama ya kabaza ili pambali. Adyo ndi mandimu sizilowa m'malo mwa mankhwala, koma kuchepetsa mchere m'ndiwo kumathandizadi.

Mukadzaona kamwa lapotoka, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu sakumveka bwino, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.