Foni imodzi inaloledwa, zitatu zinakanidwa

Achimwene, ndawerenga za penate imene timu yanu inakanizidwa Loweruka, ndipo ndaona kuti ambiri akuyankhani kuti VAR, njira imene woyimbira amaoneranso kanema wa masewero kuti akonze chigamulo, itafika m'mabwalo mwathu madandaulo oterewa angathe. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa mwanditokosa pachilonda chimene ndinkaganiza kuti chinapola.

Mu Julaye 2022 ndinkaphunzitsa timu ya anyamata a kwathu kuno kufupi ndi Senga Bay, ambiri mwa iwo asodzi ndi opalasa kabaza, ndipo tinafika mu fainolo ya chikho china cha m'dera imene inaseweredwa pabwalo la sukulu ina yapulaimale cha ku Salima boma. Mphoto yake inali jezi, mipira iwiri ndi mbuzi. Ndalama ya lole imene tinakwera anasonkha ndi amayi ogulitsa usipa padoko, ndipo ena mwa iwo anasiya malonda tsiku limenelo kuti akachemerere ana awo. Mwera unali ukuwomba kwambiri, moti mizere ya phulusa imene anajambula m'mawa inali itafufutika chigawo choyamba chisanathe.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba tinapeza kona. Mnyamata wathu wamtali, amene ankasewera wopanda nsapato chifukwa zake zinang'ambika mu semifainolo, anaumenya ndi mutu, mpira n'kugunda kunsi kwa mtengo wa bulugamu wopingasa pagolo, n'kugwera m'kati, n'kudumphira kunja. Ukonde panalibe. Ine ndinali nditaima pafupi ndi kona ndipo ndinaona fumbi likubuka kuseri kwa mapazi a goloboyi, amenenso anagwira kumutu posonyeza kuti wavomereza. Woyimbira analiza wenzulo n'kuloza pakati, amayi anayamba nthungululu, anyamata anabwerera mbali yawo, ndipo timu inayo inayambitsanso mpira. Mpirawo utagundidwa kale kawiri kapena katatu, bambo wina wa mukomiti ya chikhocho, amene mwana wa mlongo wake ankasewera timu inayo, analowa m'bwalo akuthamanga atanyamula foni m'mwamba. Woyimbira anaimitsa masewero. Anthu awiriwo anabisa foniyo kudzuwa ndi chipewa, anayang'ana kanema wojambulidwa kuchokera pakati pa bwalo, pamene munthu sangaone n'komwe mzere umene unali utauluka kale ndi mphepo, kenaka woyimbira anagwedeza manja kuti chigoli palibe.

Lamulo lachisanu la mpira limanena momveka kuti woyimbira sangasinthe chigamulo chake masewero akayambiranso. Ndinamukumbutsa zimenezi mwaulemu, ndipo anandiyankha kuti masiku ano ndi a VAR ndipo choonadi sichitha ntchito. Anthu a mbali inayo anaseka. Ndinameza malovu n'kuwauza anyamata kuti apitirize, ndipo patapita mphindi pang'ono, maganizo awo adakali pa chigoli cholandidwacho, anatigoletsa.

Chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero ndi chimene chinachitika kumapeto. Kutatsala mphindi ziwiri, wotchinga kumbuyo wa timu ija anatchinga mpira ndi dzanja lotambasula m'bokosi, ndipo phokoso la mpira pachikhatho linamveka mpaka kumene kunakhala amayi ogulitsa mandasi. Woyimbira anati sanaone. Popeza anthu athu anali ataphunzira pa zoyamba zija, mafoni atatu anali akujambula, imodzi kuchokera kuseri kwenikweni kwa golo, ndipo tinamutengera onse atatu. Munthu yemwe uja, amene pasanathe ola limodzi anatiuza kuti masiku ano ndi a VAR, anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti malamulo salola woyimbira kuyang'ana foni ya wochemerera. Apa ankanena zoona, koma choonadicho anachikumbukira pamene chinali chokomera mbali imodzi. Sindibisa, ndinalowa m'bwalo n'kumugwira jezi pakhosi, ndipo akadapanda kundigwira akuluakulu ena, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Komiti inandiletsa kukhala pabenchi chaka chathunthu, bambo wa foni uja ali pampando woweruza mlandu wanga, ndipo za chigoli chija palibe anatchulapo. Pobwerera mu lole munali zii, ndipo mayi wina wachikulire anangondifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga foni yawo ili ndi maso osiyana ndi athu?"

Funso la mayiyo ndi limene ndimawafunsa onse okhulupirira VAR. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, pa 18 Januwale 2022, ambiri a ife tinali titadzazana m'nyumba zoonetsera mpira pa Kamuzu Road kuonera Flames ikusewera ndi Senegal mu chikho cha maiko a mu Africa (AFCON) ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. M'chigawo chachiwiri Gomezgani Chirwa wa Flames anagwa m'bokosi akulimbana ndi Bouna Sarr wa Senegal, ndipo woyimbira Blaise Yuven Ngwa analoza penate. Ataitanidwa kukaona kanema pambali pa bwalo, anabwerako atasintha maganizo, masewero n'kutha 0-0. Tinapitabe mundime yotsatira ndi mapointi 4 monga imodzi mwa matimu achitatu ochita bwino, koma tikadapambana tsiku limenelo tikadatsogolera gulu lonse ndi mapointi 6, ndipo sitikadakumana ndi Morocco, amene anatitulutsa 2-1 ngakhale Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chakutali chija chimene dziko lonse linachikamba. Bungwe la IFAB, limene limasunga malamulo a mpira, pamene linkavomereza VAR mu 2018 linanena kuti izilowerera pa zinthu zinayi zokha, zimene ndi zigoli, mapenate, khadi lofiira lachindunji ndi kulanga wosewera wina m'malo mwa amene walakwayo, ndiponso pokhapokha woyimbira atalakwitsa moonekeratu kapena ataphonya chinthu chachikulu. Tsopano ndiuzeni, ngati mpaka lero tikutsutsanabe za kugwa kwa Chirwa, kulakwitsa koonekeratu kunali pati? Ndikukhulupirira, ndipo awa ndi maganizo anga, kuti akadagwa chimodzimodzi ndi Sadio Mané wa Senegal m'bokosi mwathu, penate ija ikadaima.

Wina anena kuti zimenezi ndi za ku Africa kuno, koma ku England, kumene kuli makamera ochuluka pabwalo limodzi, Luis Díaz wa Liverpool anagoletsa chigoli chabwinobwino pabwalo la Tottenham pa 30 Sepitembala 2023, wam'mbali n'kukweza mbendera ya ofusayidi. Amene anali pa VAR anaona kuti sinali ofusayidi, koma poganiza kuti pabwalo chigolicho chavomerezedwa, anangonena kuti wamaliza kuyang'ana, ndipo mpira unayambiranso chigoli chitakanidwa. Atazindikira kulakwitsako sanathe kubweza, chifukwa cha lamulo lomwe lija loti masewero akayambiranso chigamulo sichisintha. Bungwe la oyimbira kumeneko linavomera kuti linalakwitsa, koma Liverpool inagonja 2-1 ndipo mapointi sanabwerere. Taonani, lamulo limene anatiphwanyira ife pabwalo la fumbi kuti atilande chigoli ndi lomwenso analisunga ku London, chigoli n'kutayikanso. Makina amangoonetsa chithunzi, koma wosankha nthawi yoti chithunzicho chionedwe, mbali yochionera ndi tanthauzo lake ndi munthu, ndipo munthu ali ndi mantha, ali ndi abale, nthawi zinanso ali ndi njala.

Za njalazo ndisamunamizire woyimbira wathu uja, chifukwa sindinaone ndalama ikudutsa m'manja mwake. Chimene ndinaona ndi munthu amene anabwera yekha pa njinga, wopanda womuteteza, amene ankadziwa kuti malipiro ake adzachokera m'thumba la komiti yomweyo ndiponso kuti njira yake yobwerera kwawo ikudutsa m'mudzi wa timu inayo. Izi sizichotsa mkwiyo wanga, popeza amene sangathe kuima pa chigamulo chake asavale wenzulo m'khosi, ndipo bambo wa mukomiti uja mpaka lero tikakumana pamsika ndimamupatsa moni wapakamwa pokha.

Malangizo anga kwa inu ndi akuti musamukhudze woyimbira, ngakhale magazi atawira chotani, ndipo muwaletse anyamata anu kumuzungulira, chifukwa mukangomugwira mlandu wa penate umatha pomwepo n'kuyamba mlandu wanu, monga zinandichitikira ine. Chikho china chisanayambe, kakamizani kuti malamulo alembedwe papepala ndipo matimu onse asayine kuti foni ya munthu aliyense, kaya wa mukomiti kaya mfumu, siidzaloledwa m'bwalo, komanso kuti woyimbira azichokera kudera lina ndipo azilandira ndalama yake masewero asanayambe. Komabe masewero aliwonse muziika munthu wanu kuseri kwa golo lililonse kuti azijambula, ndipo kanema wa Lowerukayo musamufufute. Lembani kalata yodandaula lero lomwe, tchulani mphindi imene zinachitikira, perekani kanemayo ndipo musunge kope lanu losayinidwa. Ine kalata yanga sanaiyankhe, ndipo sindikulonjezani kuti yanu adzaiyankha, koma chaka chotsatira woyimbira uja sanamuitanenso.

Ngati kanema wanu anajambulidwa kuchokera m'mbali mwa bokosi osati pakati pa bwalo, munditumizire ku inbox kuti ndimuone musanalembe kalatayo, chifukwa akakhala wosaoneka bwino akomiti adzamugwiritsa ntchito pokutsutsani.