Tamukhululukira, koma timubwezerenso makiyi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa cha ku Ngabu. Andipempha kuti ndisatchule dzina lawo kapena mpingo wawo, ndipo sinditero. Nkhani yake ndi iyi. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma ndi kusasula denga la tchalitchi chawo mu Malichi 2023, akhristu anayamba kusonkha ndalama za malata. Ena anagulitsa mbuzi, ena anapereka za thonje, amayi ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsika. Ndalamazo ankasunga ndi mkulu wa mpingo yemwe analinso msungichuma. Tsiku lokagula malata ku Blantyre litakwana, m'thumba munalibe kanthu. Bamboyo anavomera pabwalo la akulu a mpingo kuti anadya, anadulidwa, anakhala pachilango, ndipo pano anabwezeredwa pa Mgonero. Tsopano ena akufuna kuti abwerere pampando wake. "Ine mtima ukukana," alemba mayiwo. "Koma akundifunsa kuti ngati Mulungu anakhululuka, ine ndine yani? Kodi ndikuchimwa?"

Simukuchimwa, mayi. Kukana kuti munthu asungenso ndalama si kukana kumukhululukira. Anthu amasakaniza ziwirizi chifukwa zonse timazitcha kubwezera, koma kubwezera munthu pagome la Ambuye n'kwina, kumubwezera makiyi a kabati n'kwinanso. Pagome palibe amene amakhalapo chifukwa chokhoza. Makiyi amapatsidwa kwa munthu amene anthu amuona kuti angawasunge.

Amene akukutsutsaniwo akutchulirani Petro, ndipo ali ndi mfundo, musawanyoze. Petro anakana Yesu katatu akuwotha moto wamakala m'bwalo la mkulu wa ansembe. Pa Yohane 21 timapezanso moto wamakala, m'mbali mwa nyanja, pali nsomba ndi mkate, ndipo Yesu akumufunsa katatu ngati amamukonda, kenako n'kumupatsa nkhosa zake kuti azidyetse. Sanamuike pabenchi yakumbuyo. Choncho wogwa akhoza kubwerera pa udindo, izo zisakuvuteni.

Koma werenganinso Machitidwe 15. Yohane Marko anathawa ntchito ku Pamfuliya, n'kubwerera ku Yerusalemu ulendo uli pakati. Pokonza ulendo wachiwiri, Barnaba anati timutenge, Paulo anati ayi. Anakangana mpaka kusiyana njira: Barnaba anatenga Marko kupita naye ku Kupro, Paulo anatenga Sila. Luka polemba nkhaniyi sakunena kuti wachimwa ndi uyu kapena uyu. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko, chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Chinasintha maganizo a Paulo si misozi ya Marko tsiku limodzi ayi, koma zaka zimene mnyamatayo anagwira ntchito anthu akumuona. Mumpingo mwanumo inu mwaima pamene anaima Paulo, anzanuwo aima pa Barnaba. Mpingo umafuna onse awiri.

Pali funso limene kalata yanu sinayankhe: kodi ndalama zija anabweza? Kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Pepani sapoletsa chilonda. Zakeyu atakumana ndi Yesu analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Sindikunena kuti bamboyo abweze kanayi, mwina ngakhale kamodzi komwe kamulemera. Koma gogo amene anagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo akupempherabe dzuwa la ku Chigwa cha Shire likumuphula pamutu, kapena pansi pa pepala lapulasitiki. Ngati bamboyo ali ndi ng'ombe m'khola koma sanagulitse ngakhale imodzi, ndiye kuti kulapa kwake kudakali panjira. Ngati akubweza pang'onopang'ono, akakolola mapira kapena akapeza ganyu ya kumunda wa nzimbe, zilembedwe m'buku ndipo mpingo uziuzidwa. Zimenezi sizomuchititsa manyazi. Zimamuthandiza kuyenda mutu uli m'mwamba.

Ndipo ngakhale atabweza zonse, ine ndikanakhala pabwalopo sindikanavomera kuti ayambirenso pa ndalama. Ife a kuno tikudziwa kuti madzi saiwala khwawa. Tinaona mu 2015, tinaonanso ndi Idai mu 2019, ndi Ana mu 2022: madzi a Shire, Ruo ndi Mwanza amabwerera momwe anadutsa kale. Munthu amene chiyeso chake ndi ndalama, kumupatsanso thumba si chikondi, n'kumutchera msampha. Ntchito mumpingo ndi zambiri. Ayendere odwala, atsogolere kuumba njerwa, alalikire pamaliro ngati ali ndi mphatso.

Mpingo nawonso udzifunse. Munasiyiranji munthu mmodzi ndalama zonsezo m'nyumba mwake, m'nyengo yoti mbewu zinakokoloka ndipo 2024 inabweranso ndi ng'amba? Sindikumuikira kumbuyo, kuba n'kuba. Koma Paulo yemwe, posonkhetsa thandizo la akhristu a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula yekha. Pa 2 Akorinto 8 akunena kuti mipingo inasankha m'bale woti ayende nawo, kuti pasapezeke wowanena pa za mphatsoyo. Ngati mtumwi ankafuna mboni, kuli bwanji msungichuma wa kumudzi? Tsegulani akaunti yoti asayinire anthu atatu, chopereka aziwerenga anthu awiri tchalitchi chisanatseke, ndipo lipoti liziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Mukapanda kutero, mudzadula wina chaka chamawa.

Tsopano ndiloleni, mayi, ndikukhudzeni pang'ono inuyo. M'kalata yanu mwamutchula bamboyu kawiri kuti "wakuba uja". Munthu amene mukudya naye mkate umodzi. Ku Korinto kunali munthu amene analakwira mpingo, ambiri n'kumulanga, ndipo Paulo pa 2 Akorinto 2 akuti chilangocho chakwana, tsopano mukhululukireni ndi kumutonthoza, kuti chisoni chochuluka chingamumize. Mawu oti kumizawa, ife a kuno sitifuna wotimasulira. Chilango cha mpingo chili ndi tsiku lothera, koma cha pakamwa pa anthu, cha kuchigayo ndi kumjigo, sichitha. Pa makiyi kanani ndithu. Dzina loti wakuba lija ndiye lisiyeni.

Ndili mnyamata, mumpingo mwathu munali mtsikana wa kwaya amene anatenga mimba. Analengezedwa kutsogolo, dzina ndi tchimo lomwe, anthu ali chete, kumangomveka makupizo a amayi akudzipepesera mphepo. Miyezi yonse ya chilango ankabwera m'mamawa, kukhala pabenchi yomaliza pafupi ndi chitseko, chitenje atafunda kumutu kutentha konseko, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mnyamata wake anangosamukira mpingo wina, mwezi usanathe akuimba ng'oma kumeneko. Tsiku lobwezeredwa mtsikanayo, abusa anapemphera, ife tinati ameni, koma palibe anasuntha kumupatsa malo. Anakhalabe pachitseko pomwepo mpaka analeka kubwera. Ine ndinali m'gulu la osasunthawo. Ndiye ndikamva kuti akuluakulu akuthamangira kubwezera mnzawo pampando, ndimafunsa ngati liwiro lomwelo limaonekanso wogwayo akakhala mtsikana kapena mayi wamasiye.

Nkhaniyi ikabwera pamsonkhano, imirirani munene poyera, iye ali pomwepo, osati kuseri: "Bambo, tinakukhululukirani, ndinu m'bale wathu. Za ndalama tiyeni tiyambe taona buku la zobweza, pakadali pano gwirani ntchito ina." Ena adzang'ung'udza, asiyeni.

Mwalembanso mongodutsa kuti akazi awo a bamboyo analeka kubwera ku mapemphero a amayi chichitikireni izi. Iwo sanadye ndalama ya munthu, kapena ngati anadyako nsima yake sanadziwe komwe ufa wachokera. Lachinayi likudzali, musanapite kutchalitchi, dzerani kwawo. Akanena kuti alibe sopo wochapira yunifolomu, atengereni wanu.