Musachisiye chokha usiku, achemwali

Achemwali, inu amene mukukaonetsa luso lanu pa mwambo wa ku loji, mawu amene eni malowo akuuzaniwo, akuti mukasiye chiboliboli chanu Lachisanu madzulo ndipo anyamata awo adzachiika okha pamalo abwino mwambo usanayambe, ndi omwewo amene ine ndinauzidwa, ndipo ndikulemba pano mtima ukuwawa ngati zachitika dzulo. Amene anandiuza anali bambo wovala bwino, wolankhula mofatsa, amene ankanditchula kuti "bwana wa luso" nthawi yonse imene ankafuna ntchito yanga, koma lero tikakumana mu Victoria Avenue amatulutsa foni n'kumaiyang'ana ngati yalira. Malowo sindiwatchula dzina chifukwa ena a inu mumapezako maganyu, ndipo amene munalipo usiku umenewo mukuwadziwa kale.

Changa chinalinso cha chithunzithunzi ngati chanucho. Ndinachimanga miyezi 7 kuseri kwa nyumba ku Ndirande, madzulo ndikaweruka, ndi masupuni opindika, mafoloko, masipoko ndi matcheni a njinga, zitsekerero za mabotolo, zitini, mapatapata oduka ndiponso zidutswa za malata zimene okhoma mbaula mumsika ankandipatsa uku akuseka. Masana chinkaoneka ngati mulu wa zinyalala womangidwa ndi mawaya pa thabwa, moti mkazi wanga ankachifunditsa chiguduli alendo akabwera. Koma usiku ndikayatsa babu limodzi laling'ono patsogolo pake, pakhoma pankatuluka mayi atasenza beseni, atabereka mwana kumbuyo, khosi litapendekeka pang'ono ndi kulemera kwa katundu. Amenewo anali malemu mayi anga, amene anatilera ndi geni ya mandasi, ndipo mutu wa mwana wa kumbuyoyo unkachokera pa chivindikiro cha kasefuliya kawo komwe ankatiphikiramo phala.

Chimene eni malo otere sachimvetsa n'chakuti mulu uja pawokha si ntchito yathu. Ntchito ili pa zinthu zitatu zoyang'anizana, nyali, mulu ndi khoma, ndipo chimodzi chikasuntha zonse zafa. Kwa ine babu linkakhala masentimita 120 kuchokera pa thabwa ndi masentimita 40 kuchokera pansi, pamene khoma linali mamita 3 kuchokera pa babulo. Mphuno ya mayi inali nsonga ya supuni imene inali kutsogolo pafupi ndi nyali, chipumi chinali chitini cha kumbuyo kwenikweni, ndipo ziwirizi sizinkakhudzana n'komwe, zinkakumana pakhoma pokha. Chinthu chimene chili pafupi ndi nyali chimakhala ndi chithunzithunzi chachikulu chimene chimathawa msanga nyali ikasuntha, pamene cha pafupi ndi khoma chimasuntha pang'ono, n'chifukwa chake kungokankha babu ndi chala kumachotsa mphuno pankhope n'kuisiya ikulendewera payokha.

Zonsezi ndinamufotokozera bamboyo. Ndinamuonetsa pa foni ntchito ya Tim Noble ndi Sue Webster a ku Britain, amene mu 1998 anaunjika zinyalala zawo za miyezi 6 n'kutulutsa pakhoma zithunzithunzi zawo atakhala pansi motsamirana misana, komanso ya Shigeo Fukuda wa ku Japan, amene mu 1987 anawotcherera mafoloko, mipeni ndi masupuni 848 n'kutulutsa chithunzithunzi cha njinga yamoto. Ndinamuuzanso za ku Howick ku South Africa, kumene Marco Cianfanelli anaimika nsanamira zachitsulo 50 mu 2012 pafupi ndi pamene Nelson Mandela anagwidwira mu 1962, ndipo ukaima pambali umangoona zitsulo zosongoka, koma ukatsata kanjira kamene anakakonza n'kuima mamita pafupifupi 35 kuchokera pamenepo, nkhope ya Mandela imatulukira yonse. Anthu amenewo anachita kumanga njira kuti woona aime pamalo oyenera. Bambo wanga uja ankangogwedeza mutu n'kumati, "Zamveka, bwana." Lachisanu ndinaika zonse ndekha, ndinayesa katatu, kenako ndinalemba pansi ndi choko pamene pakhale thabwa ndi pamene pakhale babu, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo.

Loweruka ndinafika cha m'ma 5 koloko madzulo, kukuwaza kamvula ka chiperoni, nditavala jekete yobwereka, ndili ndi mayi anga aang'ono amene ndinachita kuwatumizira thiransipoti kuti abwere kuchokera ku Chiradzulu adzaone mkulu wawo pakhoma. Titangolowa mu holo ndinaona kuti pamene ndinasiya chiboliboli pali tebulo la zakumwa. Pansi anali atakolopa, choko yense atafufutika. Khoma loyera lija, limene ndinasankhira mbali imeneyo, okongoletsa malo anali atalikuta ndi makatani opindapinda ooneka ngati golide, ndipo kudenga kunali timagetsi tofiira ndi tobiriwira tikuthwanima. Chiboliboli ndinachipeza pakona, pafupi ndi khomo lopita kuchimbudzi. Anachinyamula pogwira mawaya a m'mwamba m'malo mogwira thabwa, moti masipoko onse amene ankapanga khosi ndi beseni anali atapindikira mbali imodzi, ndipo babu langa analizula kuti alowetsepo chingwe cha sipika. Mkati mwa mulu, pakati pa matcheni, munali kale makapu awiri apulasitiki ndi fupa la nkhuku lokulungidwa mu tishu, chifukwa alendo oyamba kufika anaganiza kuti ndi motayamo zinyalala. Alendowo sindiwaimba mlandu, pakuti popanda nyali ngakhale ine ndikanaponyamo kapu.

Ndinathamanga kukamufuna bamboyo, anandigwira paphewa n'kunena kuti akonza pompano, basi sindinamuonenso. Ndisanawongole ngakhale waya mmodzi, wotsogolera mwambo anatchula dzina langa pa maikolofoni, anauza anthu kuti aona zodabwitsa, n'kupempha kuti magetsi azimitsidwe. Popeza babu panalibe, anyamata atatu anayatsa matochi a mafoni awo, aliyense ataima mbali yake. Nyali zitatu zimatulutsa zithunzithunzi zitatu, ndiye pa katani yopindapinda ija panatuluka chinthu cha miyendo yambirimbiri, chikugwedezeka monga momwe manja a anyamatawo ankagwedezekera. Bambo wina kumbuyo anafuula kuti ndi nkhanu, wina anati ndi minibasi yachita ngozi, ndipo holo yonse inafa nalo phwete. Kusekako ndikanapirira. Amene anandithyola mtima ndi mayi aang'ono, amene sanaseke ayi, koma anandikoka jekete n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, nanga achemwali anga aja ali pati?" Ndinasowa choyankha. Iwo anakhalabe akuyang'ana katani ija, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, poganiza kuti maso awo ndi amene akuwanamiza, mpaka magetsi anayakanso ndipo nyimbo zinayambiranso.

Apa ndinalakwanso ine, chifukwa manyazi anandigwira ndipo ndinatuluka ndi mayi osatenga kanthu, n'kumati ndidzatenga Lolemba. Lolemba ndinapeza thabwa lokha ndi timawaya tochepa. Mlonda wachikulire ndi amene anandiitanira pambali, n'kunditulutsira babu langa m'thumba la jasi lake, n'kundiuza kuti Lamulungu m'mawa kunabwera lamulo loti zinyalala zonse zichoke, ndipo anyamata anadula zitsulo n'kukagulitsa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Masiku awiri ndinazungulira kwa ogula zitsulo a ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Limbe, ndikufukula milu ndi manja mpaka zala zinachekeka, ndikufuna chivindikiro chimodzi chokha. Bamboyo nditamupeza anandifunsa kuti ndikudandauliranji popeza zinali zotola kale, n'kunditambasulira K20,000 ya thiransipoti pa K250,000 imene tinagwirizana. Pepala tinalemberana, inde, koma munali mtengo ndi tsiku basi, ndipo iye anati ntchito sinaoneke ndiye palibe cholipira. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza ziboliboli zathu kuti wina asazikopere, koma changa sanakopere, anachiphwanya, ndipo nditawerengera ndalama zoyendetsera mlandu ndinaona kuti ndingogulitsanso njinga yanga pachabe.

Chimene chimandipweteka mpaka pano n'chakuti munthu yemweyu sangalole wantchito kugwira chithunzi cha mu fulemu kapena kamvuu ka mtengo wa phingo kamene kali pa tebulo lake. Mu 2022, chiboliboli cha John Chilembwe chimene anapanga Samson Kambalu chitaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, bambo yemweyu anali pakati pa oyamba kulemba pa Facebook kuti dziko lino lili ndi luso ndipo tiyenera kulilemekeza. El Anatsui wa ku Ghana amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa, ndipo mu 2015 anapatsidwa mphoto ya Golden Lion ku Venice, koma akanasiya ntchito yake usiku umodzi mu holo imeneyo bwenzi anyamata ataikwezanso pa sikelo.

Tsono inu musakane, pitani nacho, chifukwa chiboliboli chokhala kuseri kwa nyumba chimangoonedwa ndi nkhuku, ndipo ntchito ziwiri zimene ndagulitsa chaka chino zinabwera kudzera mwa mayi wina amene anali mu holo usiku womwewo, amene anadzandifunafuna kuti aone chithunzi chenicheni pa foni. Lemberanani pepala ngakhale langa silinandithandize, koma inu mulembemo kuti palibe wosuntha chiboliboli kapena nyali inu kulibe, kuti khoma likhale lopanda katani, kuti magetsi a mbali imeneyo azime nthawi yoonetsa, ndiponso kuti theka la ndalama mulandire musanakweze katundu pa galimoto. Pitani kwa owotcherera akupangireni mkono wachitsulo wolumikiza nyali ku thabwa lomwelo, kuti akachikankha zonse zisunthire limodzi, pakuti chikatero chithunzi chimangokula kapena kuchepa malinga ndi mmene chatalikirana ndi khoma koma nkhope siiphwasuka. Nyali ikhale tochi yotchaja ya diso limodzi la LED, chifukwa babu lalitali la chubu kapena tochi ya timaso tambiri imachititsa kuti m'mphepete mwa chithunzithunzi musaoneke bwino, komanso magetsi akazima ndipo jenereta ikuchedwa inu mudzakhala muli ndi kuwala kwanu. Pansi muikepo tepi yomata, osati choko. Muikenso kapepala kolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingelezi konena kuti iyi ndi ntchito ya luso, si motayamo zinyalala, ngakhale kulemba zimenezo kumachititsa manyazi.

Musakhulupirire wantchito aliyense wa pamalopo, ndipo Lachisanu musachisiye chokha. Ngati akukakamizani kuti chigone komweko, yambani mwacheza ndi mlonda, mumuyatsire nyali aone yekha chimene chimatuluka pakhoma, mumusiyire ya tiyi, chifukwa pa anthu onse aja amene anandichitira zaumunthu anali mlonda, ndipo iye yekha ndi amene anaima kumbuyo kwanga Lachisanu lija ndikuyesa babu. Mwambo ukatha muchitenge usiku womwewo ngakhale kukhale kolipira takisi. Ndikanati musaikemo chinthu chimene simungachipezenso, komabe ndanena kale kuti mutu wa mwana uja unali chivindikiro cha mayi, ndipo ndayesa zivindikiro zina 5 osapeza chokhala ndi kupindika komweko, choncho ngati muli ndi chinthu cha kwanu chimene chikukwanira bwino pamalo ake, chiikeni, koma muchimange ndi bawuti yoti mutha kumasula n'kuchiika m'chikwama pochoka.

Loweruka ndilibe zochita, ndiye ngati mukufuna wokuthandizani kunyamula thabwa ndi kulondera pakona mpaka alendo atalowa, ndilembereni ku inbox, ndibwera ndi tochi yanga yachiwiri. Ndipo inu anzanga amene mumapita kwa ogula zitsulo kukasaka zipangizo, mundiyang'anireko chivindikiro chaching'ono cha aluminiyamu, chophwanyika mbali imodzi, chimene chogwirira chake chinachoka kalekale ndipo mayi anamangapo waya wofiira wa magetsi m'malo mwake.