Kodi ndichotse flybridge pa boti langa lakale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa konkuno ku Zomba. Anagula boti lakale la faiba, lotalika mamita 10, la injini ya dizilo, ndipo pano lili pa thirela kuseri kwa nyumba. Pamwamba pa denga la chipinda pali flybridge, kansanja kaja kokhala ndi chiwongolero chachiwiri ndi mipando. Akuti denga likudontha, ndipo tsiku limene anakaliyesa ku Mangochi linkapendekera uku ndi uku mpaka mayi a kunyumba anakana kukweranso. Funso lawo n'lakuti: "Ndikachotse kansanjaka? Mmisiri wina wati ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi galayinda."

Zikomo achimwene. Ine ndikuti chotsani, koma mmisiri wa tsiku limodziyo ayambe waika galayinda pansi. Kugwetsa kansanja sikuvuta. Thukuta lili pa zimene zimatsala m'mbuyo.

Mayi sanalakwe kuchita mantha. Pa boti, katundu wa pamwamba ndiye amavutitsa, monga momwe minibasi yosenza matumba padenga imapendekera pokhota. Kansanjako kali ndi kulemera kwakekwake, ndiye muwonjezerepo anthu asanu a makilo 70, amenewo ndi makilo 350 atakhala mamita awiri kapena atatu pamwamba pa madzi. Boti likapendeka pang'ono, onsewo amalikankhira komwe lapendekerako. Palinso mphepo. Mwera ukamaomba pa nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, kansanjako kamagwira mphepo ngati thanga, ndipo pokocheza boti limangotengeka cham'mbali. Mukachotsa, zonsezi zichepa. Komabe dziwani kuti boti silidzasiya kugwedezeka pa mafunde. Lizidzapendeka pang'ono n'kubwerera msanga, ndipo ena kubwerera kofulumirako kumawatopetsa. Phindu lina mudzalionera pa msewu wopita ku Liwonde ndi Mangochi, pomwe boti lalifupi silikodwa mu mawaya a magetsi ndi nthambi.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, chitani ichi: pitani nalo pamadzi tsiku lathunthu, muyendetsere pa chiwongolero cha pansi chokha. Maboti ambiri akale anapangidwa poganiza kuti woyendetsa azikhala pamwamba, ndipo pansi mawindo ndi aang'ono. Mukaponda moto, mphuno imadzuka n'kukutsekerani kutsogolo. Pa nyanja yathu pali maukonde ndi mabwato a asodzi, mu Shire muli mvuu ndi milu ya mchenga, ndipo zonsezi zimaoneka bwino uli pamwamba. Mukapeza kuti pansipo simukuona, konzani kaye zimenezo, kaya pokweza mpando kapena pokulitsa mawindo. Ndikunenetsa apa chifukwa mu bwato lomwe simunalionelo mumakhala bambo wa ana.

Kenako lowani m'chipinda, mumasule siling'i, muyang'ane denga cham'kati. Mukaona mabawuti, muli ndi mwayi: kansanjako anachita komangirira, ndipo kachoka kathunthu mukamasula n'kudula guluu wa m'mphepete ndi waya wopyapyala. Pakhale amuna anayi kapena asanu, kapena tcheni buloko yopachika pa mtengo wolimba. Mukaona kuti kanaumbidwira limodzi ndi denga, ndiye kuti kakuthandiza kulimbitsa dengalo. Mukadula popanda kuika mitanda ina pansi pake, denga liyamba kuwerama munthu akapondapo.

Za chiwongolero ndilankhula zimene ndinaona ndi maso. Zaka zapitazo ndinathandiza mnzanga pa ntchito ngati yomweyi. Tinatseka bwino mapaipi a haidiroliki opita pamwamba, koma m'kati munatsalira mpweya. Titalowa m'madzi, chiwongolero chinkangozungulira, boti osakhota, ife tikuyandikira miyala. Tinazimitsa injini n'kuponya nangula manja akunjenjemera. Pa maboti ambiri a ziwongolero ziwiri, mafuta amathiridwa pa pampu ya pamwamba, ndipo chivindikiro chake ndicho chili ndi kabowo kopumira. Cha pansi chimakhala chotsekeratu. Mukachotsa ya pamwamba, chivindikiro chopumiracho chipite pansi, mapaipi atsekedwe ndi zotsekera zachitsulo zoyenera, mpweya utulutsidwe wonse, ndipo muyese kukhotetsa mbali zonse boti lidakali pa thirela. Makebulo a giya ndi moto achotsedwe kuchokera komwe alumikizana ndi a pansi. Mawaya a magetsi musangowadula n'kukulunga tepi, alondoleni mpaka komwe ayambira, chifukwa waya wamoyo wobisika mu siling'i ndiye amayambitsa moto.

Tsopano denga, lomwe ndi mtima wa nkhani yonse. Madenga a faiba nthawi zambiri amakhala ndi faiba pamwamba ndi pansi, pakati pali plywood kapena mtengo wopepuka wa balsa. Madzi omwe akudonthera m'chipindawo mwina adutsa m'mabowo a mabawuti, ndipo n'kutheka kuti kwa zaka akhala akunyowetsa mtengo wa pakatiwo. Gogodani denga lonse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pabwino pamalira mwakuthwa, powola pamamveka ngati dzungu. Boolani pang'ono pomwe mukukayikira. Utuchi ukatuluka wakuda ndi wonyowa, pamenepo patsegulidwe, chowolacho chichoke chonse, paume, muikepo chatsopano. Pomata, gwiritsani epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza, chifukwa imagwira faiba yakale kuposa guluu wina womatira faiba wotchedwa polyester resin. M'mphepete mwa bowo mupale motsetsereka, kakhumi ndi kawiri kuposa kuchindikala kwa faibayo. Ngati ili mamilimita 5, palani mamilimita 60 kuzungulira. Bodefila ya galimoto isayandikire, imasweka ndipo imamwa madzi. Popala valani chotchinga mphuno ndi magalasi, ana akhale kutali, fumbi la faiba ndi loipa m'mapapo.

Nyengo nayo muiganizire. Zomba muno mvula simasewera kuyambira Novembala, ndipo Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa chinyezi ndi kuzizira komwe kumachedwetsa epoxy kuuma. Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo nthawi yabwino, mugwire m'mawa, pamthunzi, kusakaniza pang'onopang'ono chifukwa kukatentha imauma msanga.

Nyali yoyera yoonetsa boti usiku ndi mlongoti wa wailesi yolankhulirana ya VHF zinali pamwambapo, ndiye zifunika kamlongoti katsopano. Pa boti losafika mamita 12, nyali yoyera ikhale mita imodzi kapena kuposa pamwamba pa nyali yofiira ndi yobiriwira za m'mbali mwa boti. Wailesi nayo imafika patali malingana ndi kutalika kwa mlongoti. A Marine Department, nthambi ya boma yoona za maboti, ndi a inshulansi auzeni musanayambe, makamaka ngati mudzanyamule anthu olipira, popeza boti lasintha kuchoka pa zomwe zili m'mapepala.

Mu imelo yanu munatchulanso zokaliyendetsa ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, inaphwa mu 1995 ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Kuchotsa kansanja sikukweza pulopela yomwe ili pansi pa boti. Limeneli ndi la ku Mangochi kapena Monkey Bay.

Chomwe ndikupemphani kwambiri n'chakuti mukafuna mthunzi pambuyo pake, musawotcheretse shedi ya zitsulo za angelayini ndi malata, chifukwa mubwezera kulemera komwe mwachotsa. Lona pa mapaipi opepuka akwanira. Kansanjako musakagulitse msanga, kasungeni pansi pa lona ndi mabawuti ake mpaka mwera umodzi udutse. Mukamasula siling'i, nditumizireni zithunzi za m'kati mwa denga, tione limodzi ngati ndi mabawuti kapena choumba.