Malasha ndi athu, magetsi ndi athu, nanga mafakitale ali kuti?

Aphunzitsi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, anditumizira imelo. Akuti mwana wawo anamaliza maphunziro a zamagetsi, koma mpaka pano akungothandiza amalume ake kugulitsa kachewere pamsika. Funso lawo ndi ili: "Ife kuno ku Tete tili ndi malasha a ku Moatize komanso damu la Cahora Bassa. Nanga bwanji foni, waya, ngakhale khasu lenilenilo tikugula lochokera kunja? A ku Vietnam analinso pankhondo ngati ife, iwo anatani?"

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza, chifukwa achinyamata ngati mwana wanuyo ndi ambiri m'chigawo chathu chino.

Tiyambe ndi foni imene mwalembera imeloyo. Palibe dziko limene limapanga foni lokha. Ngati ndi iPhone, kapangidwe kake amakaganiza ku California, ubongo wake amaupanga a TSMC ku Taiwan pogwiritsa ntchito makina a ASML a ku Netherlands, mwala wa cobalt wa m'batire kawirikawiri umachokera ku Congo, ndipo makampani monga Foxconn ndiwo amalumikiza zonsezi ku China kapena ku India. Zimenezi zinatheka kuyambira pamene sitima zapamadzi zinayamba kunyamula makontena, ndipo kompyuta ndi intaneti zinalola bwana wa ku America kuyang'anira fakitale ya ku Asia tsiku ndi tsiku. Ntchito inagawidwa zidutswazidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimapita kumene chingachitike bwino, motchipa komanso pa nthawi yake. Ndalama zambiri zimatsala kwa woganiza kapangidwe ndi mwini dzina la katunduyo. Wokumba pansi amalandira zochepa kwambiri.

Tete ali kale m'kati mwa malonda amenewa, kungoti tagwira chidutswa cha kumunsi. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, ndipo mbali yamtengo wapatali ya malashawo ndi yosungunulira chitsulo. Kuti afike kunyanja, anachita kumanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi mpaka ku Nacala-a-Velha, poti njanji ya Sena yopita ku Beira inachepa. A Rio Tinto anagula migodi ya kuno ndi madola oposa 3 biliyoni mu 2011, poganiza kuti azitsitsa malasha pa mtsinje wa Zambezi. Boma linakana, mtengo wa malasha unagwa, ndipo mu 2014 anagulitsa kwa a ICVL a ku India ndi madola 50 miliyoni okha. Nawo a Vale anagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa a Vulcan ndi madola 270 miliyoni. Chimodzi mwa zimene zinagonjetsa makampani akuluakuluwo ndi kutalika kwa ulendo wopita kudoko. Ndipo tisaiwale kuti mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme, kuti malashawo atuluke. Amenewo analipira mtengo umene sulembedwa m'mabuku a kampani.

Mwina mukuti, bwanji osasungunula chitsulo konkuno? Tani imodzi ya chitsulo imafuna makilogalamu pafupifupi 800 a malasha ndi miyala yachitsulo yoposa tani imodzi, ndiye zikumveka ngati zili pakhomo. Koma ng'anjo yaikulu yosungunulira chitsulo siizimitsidwa, imayaka usana ndi usiku kwa zaka, ndipo imafuna ogula a matani mamiliyoni chaka ndi chaka. China yokha imapanga zoposa theka la chitsulo cha dziko lonse lapansi, ndipo ikachulukitsa imagwetsa mtengo kulikonse. Wobwera ndi ndalama amawerenga zonsezi: msika uli kuti, doko lili kuti, akatswiri alipo angati, makina akafa chipangizo chifika pakatha masiku angati. Malasha pawokha samukopa.

Nkhani ya magetsi ndiye imandiwawa kwambiri. Cahora Bassa imatha kutulutsa mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damulo, lili m'manja mwa dziko lathu. Koma damulo analimanga atsamunda ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, ndipo nthambo zake zikuluzikulu zimachoka ku Songo ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Fakitale ya Mozal, imene inayamba kusungunula aluminiyamu mu 2000, anaimanga ku Beluluane kufupi ndi Maputo, pafupi ndi doko. Ufa umene ankasungunula kuti apeze aluminiyamu unkachokera ku Australia, magetsi n'kumadzera ku South Africa, aluminiyamu wambiri n'kumapita ku Ulaya ali wosapangidwa kanthu. Apa mukuona kuti ngakhale fakitale yaikulu ikhoza kukhala m'dziko koma osalumikizana kwenikweni ndi amisiri a m'dzikomo. Chimene chinandisangalatsa ndi pamene a Midal anatsegula pafupi pomwepo fakitale yopanga waya kuchokera ku aluminiyamu yemweyo. Kukwera kuchoka pa chidutswa cha kumunsi ndi kumeneko.

Kwanu komweko kuli chitsanzo chimene mumachidziwa kuposa ine. Mlimi wa fodya wa ku Angónia kapena ku Macanga amafesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa, kenako kusankha magiredi ndi kudinda mabelo pa jeke. Kale mabelowo ankawoloka malire kukakonzedwa ku Malawi. Chimangireni fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mumzinda wa Tete, kuchotsa mitsitsi ya masamba, kuumitsa ndi kulongedza zikuchitika konkuno, ndipo anthu athu amalembedwa ntchito nyengo yake ikafika. Komabe ndudu amakapanga kwina, ndipo mlimi amene anagona m'chigafa kulondera fodya wake alibe mawu pa mtengo, poti wogula ndi mmodzi yemwe anamukongozanso feteleza. Takwerapo sitepe imodzi, koma mphamvu zikadali kwa ogula.

Za Vietnam, iwo anasintha kayendetsedwe ka chuma mu 1986, n'kuyamba ndi mpunga, zovala ndi nsapato. Samsung inatsegula fakitale ya mafoni ku Bac Ninh mu 2009, patatha zaka zoposa 20. Anali ndi madoko pafupi, China woyandikana naye wodzaza ndi zipangizo, komanso ana ochuluka odziwa kuwerenga ndi masamu, zimene inu aphunzitsi mukudziwa kufunika kwake. Ngakhale zinali choncho, makampani a eni dziko anayamba ndi zinthu zazing'ono monga makatoni ndi mapulasitiki. Ku Penang, ku Malaysia, Intel itafika mu 1972, timashopu ta amisiri tinayamba kuwapangira tizitsulo ta makina, ndipo tina mwa ito tinakula n'kukhala makampani ogulitsa kunja.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti tisayambe ndi kulota fakitale ya mafoni. Migodi ya ku Moatize imadya malamba onyamulira malasha, mamota, mapampu, mayunifolomu ndi chakudya cha antchito tsiku lililonse, ndipo zambiri mwa izi zimabwera pa thiraki kuchokera kutali. Soya wa ku Angónia akhoza kufinyidwa mafuta konkuno, zotsalazo n'kukhala chakudya cha nkhuku. Kachewere wa ku Tsangano amafuna nyumba zozizira zosungiramo kuti alimi asamagulitse motaya nthawi yokolola. Kunyanja tili kutali, inde, koma ndi chigawo chiti china chimene chili ndi zipata za mayiko atatu? Pa Zóbuè ndi Calómuè tikulowa m'Malawi, pa Cassacatiza mu Zambia, pa Cuchamano mu Zimbabwe. Pa katundu wopita kwa anansi athuwa, wa ku Tete ali pafupi kuposa wa ku Shanghai. Ndipo pamene akukonzekera damu la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, ino ndiyo nthawi yofunsa aphungu athu kuti magetsi otsala m'chigawo chino adzakhala ochuluka bwanji, nanga mafakitale ang'onoang'ono adzagula pa mtengo wanji. Mapangano akasainidwa, kufunsa kumakhala kochedwa.

Kunena za mwana wanu, aphunzitsi, muuzeni asangodikira kulembedwa ndi mgodi weniweniwo. Ntchito zambiri zili kwa makontilakitala amene amakonza makina a migodi, zigayo ndi mapampu. Aphunzire kukulunganso waya wa mota yopsa, kuwerenga mapulani a magetsi a m'fakitale, kuika mapampu oyendera dzuwa a kudimba, ndiponso malamulo a chitetezo pantchito, chifukwa pageti la mgodi salowetsa munthu wopanda satifiketi yake. Akapeza anzake awiri kapena atatu, alembetse kampani yawo, atenge NUIT (nambala ya msonkho) ndi alvará (chilolezo chochitira bizinesi), chifukwa kampani yaikulu siilipira munthu amene sangathe kupereka fakitura.